Mmene mungakonzekerere digiri ya masters ya ndondomeko za chitetezo cha dziko

Ambiri amalowa maphunzirowa poganiza kuti akaphunzira za mfuti, akasinja ndi mmene nkhondo imamenyedwera. Zimenezo zilipo, koma ndi gawo laling'ono. Phunziro lenileni ndi kusankha. Boma lili ndi ndalama zochepa, asilikali owerengeka ndi nthawi yochepa, pamene zoopsa ndi zambirimbiri. Liyambe ndi chiti, ndipo lisiye chiti? Mukamvetsa funso limeneli musanafunsire malo, mudzasankha sukulu yoyenera ndipo simudzasochera mutangoyamba.

Choyamba, dziwani kuti sukulu zake zili mitundu iwiri. Pali makoleji a boma ophunzitsa akuluakulu a asilikali ndi a m'maunduna, monga National War College ku Washington, yomwe idatsegulidwa mu 1946, Royal College of Defence Studies ku London, ndi National Defence College ya ku Kenya. Kumeneku simulemba nokha kalata yofunsira malo. Boma lanu ndilo limakusankhani, ndipo kawirikawiri amatenga anthu amene afika kale pa udindo wa kanelo kapena wofanana nawo. Kenako pali mayunivesite omwe aliyense woyenera angathe kufunsirako: dipatimenti ya War Studies ku King's College London, yomwe idayamba mu 1962, Security Studies Program ku Georgetown, kapena S. Rajaratnam School of International Studies ku Singapore. Musatengeke ndi dzina la digiri. Tsegulani mndandanda wa maphunziro ake, muone ngati muli kalasi ya kalembedwe ka malangizo ku boma ndi ya kayendetsedwe ka bajeti ya chitetezo. Ngati zonse ndi mbiri ya nkhondo basi, mudzatuluka wodziwa zakale koma wosatha kulangiza nduna.

Ku Britain digiri imatenga chaka chimodzi, ndipo pa makirediti 180 (mfundo zoyezera kuchuluka kwa maphunziro), okwana 60 amakhala a thesis, lipoti lalitali la kafukufuku wanu. Ku America nthawi zambiri ndi zaka ziwiri. Mayunivesitewa adzafuna digiri yoyamba yokhoza bwino, makalata a anthu okuchitirani umboni, ndi mayeso a Chingerezi monga IELTS, omwe mayunivesite ambiri amafuna 6.5 kapena 7.0. Thandizo la Chevening, ndalama zophunzirira zochokera ku boma la Britain, limafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zina ziwiri. Pa kalata yofotokoza cholinga chanu ndi pamene ambiri amagwa. Kulemba kuti mumakonda mtendere sikuthandiza. Aliyense walemba zomwezo. Tchulani vuto limodzi looneka, monga kuzembetsa zida m'malire kapena kuteteza makompyuta a mabanki, ndipo musonyeze kalasi iti ya pasukulupo ikakupatseni chomwe mukusowa.

Malo akapezeka, musadikire tsiku lotsegulira. Pezani zikalata zenizeni zitatu za ndondomeko ya chitetezo za mayiko osiyana. Zambiri zili poyera pa intaneti. Ku America lamulo la Goldwater-Nichols la 1986 limakakamiza pulezidenti kupereka chikalata chotere ku nyumba ya malamulo, ndipo choyamba chidatuluka mu 1987. Britain idatulutsa chake choyamba mu 2008. Tengani pepala, muligawe patatu: zolinga, njira, ndi zipangizo. Kagawidwe kameneka adakatchukitsa Arthur Lykke wa ku US Army War College mu 1989, ndipo adakayerekeza ndi mpando wa miyendo itatu: mwendo umodzi ukafupika, mpando umapendekeka, ndipo kupendekekako ndiko kukula kwa chiopsezo. Chiganizo chilichonse cha m'chikalatacho muchiike m'gawo lake. Mudzadabwa kuona gawo la zolinga litadzaza pamene la zipangizo lili gwaa. Mukatero tsegulani bajeti ya dzikolo ya chaka chomwecho. Chikalata chikanena kuti chiopsezo chachikulu ndi akuba a pa intaneti, koma ndalama zonse zapita ku ndege zankhondo ndi malipiro, khulupirirani bajeti. Ntchito imeneyi mukaichita katatu, mwadziwa kale theka la zomwe semesita yoyamba imaphunzitsa.

Luso lomwe limavuta kwambiri ndi kulemba memo yolangiza mkulu wa boma. Munthu wozolowera kulemba nkhani zazitali za kuyunivesite amayamba ndi mbiri ya vutolo, yankho n'kudzabwera kumapeto. Memo imayenda mosiyana. Ndi tsamba limodzi kapena awiri. Ndime yoyamba inene zomwe mukufuna kuti nduna ichite ndi tsiku lomwe iyenera kukhala itaganiza. Zikatero, perekani njira zitatu, kuphatikizapo yosachita kanthu, ndipo pa iliyonse mulembe mtengo wake, amene adzaigwire, ndi chomwe chingalakwike. Pali chinyengo chomwe aphunzitsi amachigwira msanga: kuika njira yanu pakati pa ziwiri zopanda nzeru kuti ioneke yokhayo yabwino. Njira zonse zikhale zoti munthu wanzeru angasankhe. Pewaninso ziganizo monga "pakufunika kulimbikitsa mgwirizano". Alimbikitse ndani, ndi ndalama zochokera kuti, pofika liti? Chiganizo chopanda mwini ntchito n'chongodzaza tsamba.

Mudzaphunziranso kuti boma silimaganiza ngati munthu mmodzi. Katswiri wa ndale wa ku America Graham Allison, pofufuza mkangano wa zida za nyukiliya ku Cuba wa mu Okutobala 1962, adaonetsa kuti zosankha zimatuluka m'kukokana kwa maunduna, asilikali ndi akazitape, aliyense akuteteza gawo lake. N'chifukwa chake sukulu zambiri zimachititsa masewero oyeserera komiti ya chitetezo pa nthawi ya mavuto. Mukapatsidwa mwayi wosankha, tengani mpando wa nduna ya zachuma, osati wa mkulu wa asilikali. Kukana pempho labwino chifukwa ndalama palibe kumaphunzitsa zambiri.

Chenjerani ndi kukula kwa mutuwu. Kuyambira pamene UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, idafalitsa ganizo la chitetezo cha munthu payekha mu lipoti lake la 1994, njala, miliri ndi kusintha kwa nyengo zidalowa m'maphunzirowa, ndipo mpake. Koma wophunzira akatchula chilichonse kuti ndi nkhani ya chitetezo, woyesa amamufunsa chomwe wasiya kunja. Konzekerani yankho.

Thesis nthawi zambiri imakhala ya mawu pakati pa 12,000 ndi 15,000. Mutu muyambe kuuganizira m'mwezi wachiwiri, ndipo funso loyamba likhale lakuti umboni mudzaupeza kuti. Ambiri amasankha mutu wokoma womwe zikalata zake zonse ndi zachinsinsi, n'kudzazindikira nthawi itatha. Yambirani pa zomwe zili poyera: SIPRI, bungwe la kafukufuku la ku Sweden, ili ndi ziwerengero za ndalama zomwe mayiko amagwiritsa ntchito pa asilikali, nkhokwe za kafukufuku za ACLED ndi Uppsala Conflict Data Program zimalemba za mikangano ndi ziwawa, ndipo zokambirana za nyumba za malamulo zimasungidwa. Ngati mukufuna kucheza ndi akuluakulu a boma, muyenera kulandira kaye chilolezo cha komiti ya yunivesite yoona za chilungamo pa kafukufuku, ndipo chimatenga masabata angapo. Zomwe mwafunsa chilolezo chisanatuluke akhoza kuzikana. Amene muli pa ntchito ya usilikali, upolisi kapena ukazitape, musaike m'pepala chilichonse chomwe mudachiona muofesi, ngakhale mutachilemba m'mawu anu, ndipo funsani mabwana anu ngati pepalalo liyenera kudutsa kwa iwo lisanapite kwa oyesa. Nthawi ya kuunikako muiwerengeretu pa kalendala yanu, chifukwa yunivesite siisintha tsiku lomaliza kupereka.