Momwe mungakonzekere ulendo wokaona ziboliboli za ayezi ku Harbin

Amene mumapita ku Guangzhou kukaoda katundu, kapena muli pa sukulu ku China, mwina munaonapo zithunzi za nyumba zitalizitali zowala mitundumitundu zomangidwa ndi ayezi yekhayekha. Kumeneko ndi ku Harbin, likulu la chigawo cha Heilongjiang chomwe chinachita malire ndi Russia. Ayeziyo amakadula mu mtsinje wa Songhua madzi ake akaundana n'kuuma gwa, n'kumanyamula pa malole. Kupitako n'kotheka ndithu bola kukonzekera.

Yambani ndi deti. Chikondwerero cha ayezi ndi sinowo cha ku Harbin amachitsegulira pa 5 January chaka chilichonse, koma paki yaikulu ya Ice and Snow World, komwe kumakhala nyumba za ayezi zija, imakhala itatsegula kale chakumapeto kwa December ndipo imafika mu February, kutengera kuti kwayamba liti kufunda. Ine ndingati pitani mu January koma pewani sabata ya chaka chatsopano cha ma China, nthawi imeneyo dziko lonse limakhala pa ulendo, mahotela amakwera mtengo, matikiti a sitima kusowa, mizere osanena.

Kenako viza. Wa pasipoti ya Malawi akafunsire ku embase ya China ku Lilongwe, ndipo musadikire December. Ndege ambiri timakwera Ethiopian kudzera ku Addis Ababa mpaka Beijing kapena Guangzhou. Kuchoka ku Beijing pali sitima yothamanga ya maola pafupifupi 5, koma ngati muli ku Guangzhou ingokwerani ndege ina, ndi kutali zedi. Matikiti a sitima ndi hotela mutha kugula pa Trip.com, ndipo funsiranitu ngati hotelayo imalandira alendo akunja chifukwa si onse amatero.

Foni ikonzeni musananyamuke. Ikani Alipay ndi WeChat, mapulogalamu a pa foni olipirira zinthu, n'kulumikiza khadi yanu ya ku banki, kumeneko ngakhale wogulitsa mbatata yootcha amangokulozerani QR code. WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira pa netiweki yakonko, ndiye abale auzirenitu kapena onani za roaming.

Tsopano nkhani yeniyeni, zovala. Musamayerekeze ndi June wa ku Dedza, ku Harbin usiku kumafika madigiri -20 ndipo masiku ena mpaka -30, ndiye jekete imodzi ya pa kaunjika, kaya ndi yonenepa bwanji, payokha siithandiza. Muvale mosanjikiza: mkati zothina zogwira thupi, pamwamba pake juzi ya ubweya, kenako jekete yaitali ya nthenga yotchinga mphepo. Za thonje zisakhudze khungu chifukwa mukatuluka thukuta m'sitima kapena mu shopu, momwe mumatentha kwambiri, thukutalo limakuzizirirani mukangotuluka panja. Miyendo nayonso magawo awiri kapena atatu, jinzi yokha ndi kudzizunza. Mabuti akhale a soli yokhuthala yosaterera komanso okulirapo pang'ono kuti masokosi awiri alowe zala n'kumasewerabe, nsapato yothina ndi imene imapha zala msanga. Chipewa chophimba makutu, sikafu, magolovesi. Zambiri mwa izi mukagule konko, n'zotchipirapo komanso anazipangira kuzizira komweko. Mugulenso timapaketi totenthetsa tomata pa zovala, kamodzi mumate kumbuyo kwa foni chifukwa batire imatha mwadzidzidzi ngakhale inali pa 60, ndipo pawabanki ikhale m'thumba lamkati.

Tsiku lokaonalo ligaweni chonchi. M'mawa pitani ku Sun Island komwe kuli ziboliboli za sinowo, zimenezi zimakoma dzuwa likuwala. Ku Ice and Snow World, yomwe inayamba mu 1999, lowani cha m'ma 3 koloko masana. Dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 4, ndiye mumaona ayezi ali mbee kenako magetsi a mkati mwake n'kuyaka muli pomwepo. Sitima ya pansi ya Line 2 imakusiyani pafupi, tikiti yolowera imapitirirako 300 yuan, ndipo pasipoti isachoke m'thumba. Pali kotsetsereka kwa ayezi kotalika mamita oposa 500 koma mzere wake ungakudyereni nthawi yonse, kwa ine bola kuzungulira n'kumalowa m'tinyumba tofunditsa pakapita ka nthawi. Zala zikayamba kuchita dzanzi musalimbe mtima, lowani mkati.

Mukatsala ndi tsiku lina, Zhaolin Park ndi komwe nyali za ayezi zinayambira mu 1963, ili pafupi ndi Central Street, msewu wa miyala wokhala ndi nyumba zakale za chi Russia, ndipo tchalitchi cha Saint Sophia sichili patali. Pa msewu umenewo mupeza anthu ali pa mzere kugula aisikilimu wa Madier kunja kuli -20, mulaweko, komanso soseji yofiira ya ku Harbin ndi guobaorou, nyama ya nkhumba yokazinga yotsekemera mowawasira. Osadya nkhumba funsani kaye musanaode, imapezeka m'zakudya zambiri.