Malangizo a bokosi lomangira nyambo za nthenga

Pepala limene tinkaika m'bokosi ili linali la Chingerezi chokha. Ogula a ku Lusaka, Siavonga ndi Chirundu anatipempha la Chinyanja, choncho ife amene timakhala pa benchi yomangira kuno ku Harare, ana a makolo ochokera ku Chipata, Katete ndi Malawi, talemba lino. Liwerengeni lonse musanamasule timapaketi, ndipo tsekani zenera: nthenga zofewa kwambiri zotchedwa marabou zikauluka simuzitolanso.

Nyambo ya nthenga asodzi amaitcha fly, koma si ntchentche ya pa nsima ayi. Ndi mbedza yovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti m'madzi izioneka ngati kamwana ka tombolombo, msundu kapena kansomba.

Zimene zili m'bokosi

Muli vayisi yogwirira mbedza, bobini yoikamo ulusi, kasizasi kosongoka, kopanira nthenga, singano ya chigwiriro ndi kabotolo ka vanishi. Ulusi ulipo wa mitundu iwiri: 6/0 ndi wopyapyala, wa nyambo zing'onozing'ono, pamene 3/0 ndi wokhuthala, wa nyambo za tigerfish, nsomba ya mano akuthwa ya mu Zambezi. Mulinso waya wa mkuwa, waya wa mtovu, chingwe chaubweya chotchedwa chenille, marabou, nthenga za tambala, bucktail (ubweya wa kumchira kwa gwape wa ku America) yoyera ndi yakuda, timaso tolemera ndi timizere tonyezimira.

Manambala a mbedza amasokoneza anthu ambiri. Nambala ikamakula mbedza imachepa, moti 12 ndi yaing'ono kuposa 8. Koma mukafika pa 1/0, 2/0, 3/0 zinthu zimatembenuka: 3/0 ndiyo yaikulu.

Kasizasi ndi ka nthenga ndi ulusi chabe. Mukadulira waya kamodzi kokha, kabuntha. Waya wa mkuwa muziugwedeza uku ndi uku mpaka uthyoke wokha.

Ulusi: apa musathamange

Nyambo zambiri zimene anthu amatisonyeza zitamasuka, vuto silikhala nthenga koma dzanja la womanga. Tsiku loyamba musamange nyambo iliyonse. Tengani mbedza imodzi, phwanyani kamunga kake ndi pulayazi, ipanitseni mu vayisi pokhota pake, msana wake ukhale chogona. Iyeseni ndi chala. Ikatsika, manganinso vayisi.

Gwirani nsonga ya ulusi kumanzere, bobini kumanja. Yambani mamilimita awiri kumbuyo kwa diso la mbedza. Malo amenewo ndi a mutu wa nyambo, musawadye. Zungulizani kasanu kupita kutsogolo pang'ono, kenako bwererani pamwamba pa mizere yomweyo, ulusi udziponde wokha. Dulani kotsalako. Nthawi zonse ulusi uzidutsa pamwamba pa mbedza kuchoka kwa inu, n'kubwerera pansi. Mukasintha njira pakati, zonse zimene munamanga zimayamba kumasuka.

Tsopano kokani mpaka ulusi uduke. Inde, mwadala. Chitani zimenezi katatu kuti dzanja lidziwe polekezera, chifukwa nyambo yolimba imamangidwa pafupi ndi pamenepo. Mizere itatu yothina imagwira kuposa khumi yolobodoka, ndipo khumiyo imangotupitsa nyambo. Mukamayandikira pokhota, ulusi uzilambalala nsonga ya mbedza, apo ayi idula.

Chinthu china chimene chimakwiyitsa oyamba kumene: mwaika nthenga pamsana pa mbedza, mwakoka ulusi, nthenga yagubuduka kupita kumbali. Mankhwala ake ndi awa. Panani nthenga ndi mbedza pamodzi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kwezani ulusi ulowe pakati pa zala ziwirizo, muupane pomwepo, muutsitse mbali inayo osakoka. Ukafika pansi ndiye mukoke molunjika pansi. Bwerezani kawiri musanachotse zala. Mlongo wina amene tinkamanga naye ankati ndi ngati kutsina mchere, ndipo sitinapeze mawu ena oposa amenewo.

Nyambo yoyamba: Woolly Bugger

Inapangidwa ndi Russell Blessing ku Pennsylvania mu 1967. Timayamba nayo chifukwa imakhululuka: ngakhale yopindika, nsomba imadya. Ife timaiyesera ku Lake Chivero, kunja kwa Harare, ndipo ndi imene ambiri amanyamula popita ku Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe, kukawedza nsomba za trout m'madzi ozizira a kumapiri.

Tengani mbedza ya nambala 8 ya msana wautali. Ngati mukufuna kuti izimira msanga, kulungani waya wa mtovu kasanu ndi katatu chakutsogolo kwa msana, muutseke ndi ulusi. Pitani ndi ulusi mpaka pamene msana wayambira kukhota. Pamenepo mangani marabou kukhala mchira, utali wake ulingane ndi msana wa mbedza. Ukatalika kwambiri umadzikulunga pambedza poponya. Ukakhala wautali musadule ndi sizasi. Budulani ndi zikhadabo kuti nsonga zisakhale ngati tsache latsopano. Nyowetsani zala pang'ono pogwira marabou, imamvera.

Pomwepo mangani waya wa mkuwa, muusiye ukulendewera. Kenako sendani nsonga ya chenille kuti ulusi wake wam'kati uoneke, mumange pa ulusiwo. Bwererani ndi bobini kutsogolo, kulungani chenille mizere yogundana, muitseke musanafike pa malo a mutu aja.

Nthenga ya tambala imangeni kutsogolo ndi tsinde lake, mbali yonyezimira iyang'ane kwa inu. Igwireni kunsonga ndi kopanira, zungulizani kawiri kutsogoloko, kenako mizere isanu yotalikirana kupita kumchira. Musaisiye. Tengani waya wa mkuwa uja, pondani nawo nsonga ya nthenga, mubwere nawo kutsogolo mukuugwedeza pang'onopang'ono kuti usagoneke tsitsi la nthenga. Waya umenewu ndiwo moyo wa nyambo: dzino la nsomba likadula nthenga pamalo amodzi, yotsalayo siimasuka.

Pangani mutu waung'ono. Pomaliza, chotsani inki mu bolopeni, kulungani ulusi kamodzi pa nsonga ya chubu chake, vekani chubucho pa diso la mbedza, tsetserezani ulusi ugwere pamutu, kokani. Chitani kanayi. Dontho limodzi la vanishi ndi singano, basi. Vanishi isanaume, pyozani diso la mbedza ndi kanthenga. Simungafune kuzindikira kuti latsekeka muli kale m'bwato.

Nyambo ya tigerfish: Clouser Minnow

Iyi ndiyo ambiri a inu munagulira bokosi. Bob Clouser anaipanga mu 1987 chifukwa cha nsomba za bass za mu mtsinje wa Susquehanna ku America, koma pa Zambezi inapeza kwawo kwachiwiri. Ku Kariba chakudya chachikulu cha tigerfish ndi kapenta, amene anabweretsedwa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. N'chifukwa chake mimba ya nyamboyi timaipanga yoyera.

Mbedza ikhale 2/0, ulusi 3/0. Gawani msana wa mbedza patatu m'maganizo. Timaso timakhala pamwamba pa msana, pothera gawo loyamba kuchokera ku diso. Oyamba amakonda kutikankhira kutsogolo, kenako amasowa pomangira ubweya. Timangeni mopingasa, kasanu uku kasanu uko, kenako zungulizani pansi pa timaso koma pamwamba pa mbedza kuti mizere yonse ithinane. Dontho la supagulu. Yesani kupotoza ndi zala: tikayenda, yambiraninso.

Kulemera kwa timasoti kumatembenuza nyambo m'madzi, nsonga ya mbedza imayang'ana kumwamba. Choncho zimene zili pamwamba mu vayisi zidzakhala pansi m'madzi. Musaiwale zimenezi, ndipamene ambiri amalakwitsa mitundu.

Dulani bucktail yoyera pang'ono. Mukaona ngati yakwana, chotsani theka. Sitikuseka. Ubweya wochuluka umayandamitsa nyambo, umalemera poponya, ndipo m'madzi umaoneka ngati burashi. Wochepa umapuma, kuwala kumadutsa, nsomba imaona kapenta. Gwirani kunsonga, sesani tiubweya tatifupi ta kutsinde. Utali ukhale kawiri kapena kupitirira pang'ono utali wa mbedza. Tigerfish imamenya mwaliwiro, ndipo mchira wautali imangoudula osakhudza mbedza. Mangani kutsogolo kwa timaso, dutsitsani pakati pake, mangani kumbuyo kwake mpaka pakati pa msana, bwererani kutsogolo.

Tembenuzani mbedza mu vayisi. Kutsogolo kwa timaso mangani timizere tonyezimira tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, pamwamba pake bucktail yakuda. Iyi imangidwe kutsogolo kokha. Malizani mutu ngati poyamba, koma pakani vanishi kawiri. Madzi akada, ambiri amakonda yakuda ndi yofiira. Imeneyo ndi nkhani ya asodzi, mudzatsutsana nokha kumtsinje.

Tinene zoona: palibe nyambo imene imakhala nthawi yaitali m'kamwa mwa tigerfish. Ikagwira nsomba zitatu yagwira ntchito yake. Mangani khumi musanapite ku Siavonga kapena ku Lower Zambezi. Pakati pa nyambo ndi chingwe ikani waya wachitsulo wa masentimita khumi, apo ayi mano adula. Kamwa lake ndi la fupa, ndiye nolani mbedza mpaka izikanirira pa chikhadabo mukaikoka mopepuka.

Zinthu zikatha

Simufunika kudikira munthu wochokera ku Harare. Tcheni cha timipira cha pa pulagi ya sinki, mukadula timipira tiwiri tolumikizana, ndi timaso tabwino ta madzi osaya. Tsitsi loikirira la ku saluni limalowa m'malo mwa bucktail, ndipo limapirira mano kuposa iyo. Ulusi wolukira majuzi umapanga thupi. Cutex yopanda mtundu imagwira ntchito ya vanishi. Waya wa mkuwa uli m'nthambo zakutha za magetsi.

Nthenga za tambala ndi za nkhanga ife timazipeza kwa ogulitsa nkhuku ku Mbare. Inu funsani ku Soweto Market kapena kumudzi pa nthawi ya Khirisimasi. Zitsukeni ndi sopo, ziume bwinobwino, muziike mufiliji yoziziritsa kwambiri sabata imodzi musanazisakanize ndi za m'bokosi. Njenjete zikalowa zimatha paketi yonse mwakachetechete, mumangopeza fumbi ndi mitsitsi. Musaphe mbalame zakutchire chifukwa cha nthenga, ndipo nthenga zosatsuka musawoloke nazo pa Chirundu.

Chenjezo

Mtovu ndi poizoni: musaulume ndi mano, sambani m'manja musanadye. Vanishi imagwira moto, musamangire pafupi ndi mbaula kapena kandulo magetsi akapita. Werengani mbedza poyamba ndi pomaliza, makamaka ngati m'nyumba muli mwana wokwawa. Poponya valani magalasi ndi chipewa, chifukwa Clouser ikakumenyani m'mutu imamveka ngati mwala wa legeni. Pochotsa mbedza m'kamwa mwa tigerfish gwiritsani ntchito pulayazi yaitali, osati zala. Nyambo zonyowa ziumitseni musanatseke kabokosi, mbedza zingachite dzimbiri.

Bokosi ili si chilolezo chowedzera. Ku Nyanga National Park chilolezo chimatengedwa kwa a Zimparks, bungwe loyang'anira malo osungira nyama zakutchire ku Zimbabwe. Ku Zambia madzi ambiri amatsekedwa kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane. Funsani a Department of Fisheries a m'dera lanu za malo amene mukupita.

Ngati m'bokosi mwasowa chinthu, libwezeni kumene munagula pamodzi ndi lisiti, timapaketi tisanatsegulidwe.