Mumagwira ku NGO, GMAT yakuvutani, koma MBA mukuifunabe

Ine zaka zonsezi ntchito yanga ndi yokwera njinga yamoto kuchoka pa boma pano pa Kasungu kupita ku Chamama, Santhe, Nkhamenya uko, kukaphunzitsa magulu a banki m'khonde ndi makalabu a soya. Nde tsiku lomwe ndinalemba koyamba GMAT, mayeso omwe masukulu a bizinesi amafuna kwa ofuna MBA (digiri ya masters ya za bizinesi), mutu unangoima, masamu enawo ndinawasiya pa MSCE kalekale, malikisi atatuluka ndinangotseka laputopu osauza munthu. Ngati inunso zakuchitikirani, achimwene kapena achemwali, musataye kaye mafomu ofunsira malo a MBA aja.

Choyamba dziwani kuti malikisi anuwo akutanthauza chani, chifukwa ena akulira chabe. GMAT ya pano imayambira 205 kulekeza 805, osati 200 mpaka 800 ngati yakale ija, ndipo 645 ya pano ikufanana ndi 700 yakale. Nde musamayerekeze anuwo ndi a munthu amene analemba 2019. Magawo alipo 3, Quantitative (Quant, ya masamu), Verbal (ya Chingerezi) ndi Data Insights (yomasulira ma data), lililonse mphindi 45. Onani gawo lomwe lakugwetsani. Ife a m'ma NGO nthawi zambiri Verbal timakhoza chifukwa malipoti a madona tinalemba mpaka zala kuwawa, chomwe chimatipweteka ndi Quant, ndipo pomwepo ndi pomwe asukulu amayang'anitsitsa poti akufuna adziwe ngati mudzalimbe mu kalasi ya finance ndi accounting.

Kulembanso ndi kololedwa pakadutsa masiku 16, mpaka ka 5 pa miyezi 12, ndipo malikisi amagwira ntchito zaka 5. Koma ndi madola amenewo, ndi mmene kwacha ililimu musamangolemba ngati mukuponya njuga. Pa mba.com pali mayeso awiri oyeserera aulere, yambani ndi amenewo mutatchera wotchi. Yesaninso GRE, mayeso ena olowera, masukulu ambiri a bizinesi amailandira ndipo ena masamu ake amawaona opepukirapo. Mukasankha kulembera pa intaneti kunyumba, chonde, pezani malo a sola kapena jenereta ndi netiweki yokhazikika, magetsi akathima pakati pa mayeso mudzalira nokha.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani. Malikisi akakanabe kukwera, muwaonetse asukuluwo mwa njira ina kuti manambala simuwaopa. Tengani kosi ya masamu kapena ya accounting yokhala ndi giredi, ngati CORe ya Harvard Business School Online yomwe ili ndi Business Analytics, Economics for Managers ndi Financial Accounting, kapena mapepala angapo a mayeso a akauntanti a ACCA kaya ICAM. Kenako mafomu ambiri ali ndi optional essay, malo olembapo zowonjezera ngati mukufuna, mulembemo mwachidule: Quant yanga ndi yotsika, nditaona choncho ndinachita kosi yakuti ndipo ndinakhoza motere, komanso ku ntchito ndimayendetsa bajeti yokwana mwakuti. Basi. Osayamba kufotokoza za maliro, mvula ndi kuti munali ku filudi, amaona ngati mukuzemba.

Ndiye CV yanuyo, pepani, ichapeni. Mawu athu aja a sensitization, capacity building, kuti munachita facilitate ma workshop, munthu wa ku sukulu ya bizinesi samva kanthu. Iye akufuna amve kuti munagwira ndalama zingati, munatsogolera anthu angati, chinasintha ndi chani. Chodabwitsa nchakuti bizinesi timaichita tsiku lililonse koma sitiitchula dzina. Gulu la banki m'khonde ndi ngongole, chiwongoladzanja ndi kutolera zobweza. Kusonkhanitsa soya wa alimi kuti mugulitse pamodzi mavenda asakuberani pa sikelo, kumeneko ndi kukambirana mitengo ndi kusamala katundu. Amene munathandiza alimi a fodya kuwerengera ngati mabelo opita ku Chinkhoma abweza ngongole ya feteleza, munachita costing imeneyo. Lembani zimenezo ndi manambala enieni a mu malipoti anu, osawonjezera ngakhale pang'ono chifukwa amafufuza.

Mu essay yaikulu musamveke ngati mukupempha chifundo kapena mwatopa ndi ma contract a chaka chimodzi, ngakhale zili zoona. Nenani pomwe nzeru zanu zinathera. Ine ndinalemba za pulojekiti yomwe inkayenda bwinobwino koma dona atachoka zonse zinazima pasanathe chaka, chifukwa palibe mwa ife amene ankadziwa kuika mtengo woti chinthucho chizidzilipira chokha. Chimenecho ndiye chifukwa chomveka chofunira MBA.

Kalata yokuikirani umboni alembe bwana amene amakuonani tsiku ndi tsiku, osati a Country Director a ku Lilongwe amene dzina lanu amachita kufunsa. Akumbutseni atchulepo za bajeti.

Posankha sukulu musangothamangira mayina akuluakulu okha. Saïd ya ku Oxford ili ndi Skoll Scholarship ya anthu amene anayambitsa ntchito zothetsa mavuto a anthu, UCT ku Cape Town ili ndi Bertha Centre ya zomwezi, ndipo GIBS ku Johannesburg ili ndi mayeso akeake olowera. Chevening, sikolashipu ya boma la UK, imafuna zaka ziwiri za ntchito koma pa MBA fizi imalipira pokhala ndi malire, yotsalayo muzipeza nokha. Kwathu konkuno MUBAS ndi ESAMI ali ndi MBA yomwe mutha kuphunzira osasiya ntchito. Masukulu a ku America amalandira mafomu m'magawo, Round 1 imatseka cha mu September, Round 2 mu January, ndipo ngati mukufuna sikolashipu yesetsani yoyambayo. Transcript ya ku koleji yambani kuitsata lero, komanso IELTS, mayeso a Chingerezi, ngati akuifuna, zimenezi zimadya nthawi kuposa mmene mukuganizira.