Kuyesa mitundu musanapake utoto

Mwafunsa kuti pojambula chithunzi cha mitundu yokhayokha, chosafanizira munthu kapena chinthu, mungadziwe bwanji kuti mitunduyo igwirizana.

Yambani ndi mapepala. Dulani tizidutswa tiwiri pa pepala lotuwa, kena muike pa pepala lofiira, kena pa lobiriwira. Yang'anitsitsani: ka pa lofiira kaoneka kobiriwirako, kanzake kofiirirako, chonsecho n'tochokera pa pepala limodzi. Diso limakankhira mtundu kumbali yotsutsana ndi woyandikana nawo. Michel Eugène Chevreul, wasayansi wa ku France, anafotokoza zimenezi mu 1839, ndipo Josef Albers, katswiri wojambula zithunzi, ankaphunzitsa ophunzira ake pogwiritsa ntchito mapepala amitundu chomwechi.

Kenako yandikizani mitundu yotsutsana, monga buluu ndi olenji. Ikagundana imawalitsana, koma mukaisakaniza imazimitsana n'kutuwa. Ine ndimakonda kuti umodzi utenge malo aakulu, winawo kadontho chabe, chifukwa ikalingana imalimbana.

Tsinzinaniko maso pang'ono kuti muone wowala ndi woderapo. Mitundu iwiri yotsutsana ikawala mofanana, malire ake amaoneka ngati akunjenjemera.

Pomaliza bwererani m'mbuyo. Kawirikawiri wofiira ndi wachikasu amaoneka ngati ayandikira, buluu ngati ali patali. Mukakhutira, tengani utoto mupake.