Momwe mungaphunzitsire mavolontiya kuika zida za netiweki ya m'dera

Netiweki ya mesh ndi ija marauta, tizida togawa intaneti, amapatsirana uthenga okhaokha, denga ndi denga. Intaneti imagulidwa pamalo amodzi, mwina pasukulu kapena patchalitchi, n'kumafalikira, ndipo rauta imodzi ikazima uthenga umadzera ina. Ku Kawale, Mtandire kapena Area 25, kumene nyumba n'zothithikana ndipo bandulo ya Airtel kaya TNM sichedwa kutha, nzeru imeneyi imathandiza. Koma chimapha netiweki zotere kawirikawiri ndi waya wolumikizidwa mwaulesi, madzi a mvula ndi magetsi. Maphunziro anu alunjike pamenepo.

Yambani ndi kusankha anthu okhazikika m'deralo. Mnyamata wodziwa kompyuta amene akudikira kupita ku yunivesite mutengeni, koma musamudalire. Wokonza mafoni pamsika, kalipentala wozolowera malata ndi mayi wa okala amene aliyense amamudziwa ndiwo adzakhalapo chaka chamawa. Atsikana nawonso agwire zida, asangopatsidwa kope lolemba mayina.

Musanakhome kanthu, kafunseni ku MACRA, bungwe loyang'anira mafunde a mauthenga motsatira lamulo la 2016, makamaka ngati anthu azidzasonkha ndalama. Amfumu adziwe, ndipo chilolezo cha denga apereke ndi landilodi, osati wochita lendi.

Phunziro loyamba lichitikire pansi, pabenchi. Aliyense alandire chidutswa cha waya wa netiweki ndi timitu ta RJ45, tija timaikidwa kumapeto kwa waya. M'kati mwa wayayo muli timawaya 8, ndipo dongosolo loyalira mitundu yake, lotchedwa T568B, limati: yoyera-olenji, olenji, yoyera-girini, buluu, yoyera-buluu, girini, yoyera-bulauni, bulauni. Asende, ayale, adule mofanana, afinye, kenako ayeze ndi tesita. Walakwitsa adule n'kuyambiranso, mpaka zala zizolowere. Ambiri amatopa nalo phunziro limeneli chifukwa silioneka lapamwamba, komatu amene walephera pabenchi sangathe ali padenga dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Auzeninso kuti waya mmodzi asapitirire mamita 100.

Tsiku lomwelo aonetseni PoE, kabokosi kotumiza magetsi kudzera mu waya womwewo. Zida zina za kampani ya Ubiquiti zimadya mavoti 24, zina 48. Kusokoneza ziwirizi kungathe kuwotcha chida chodula, choncho aziwerenga cholembedwa pachidacho nthawi zonse. Pulogalamu ya rauta, kaya ndi OpenWrt kapena LibreMesh, ikani pansi pomwepo, ndipo pasiwedi yobwera nayo kufakitale isinthidwe.

Kenako yendani nawo m'dera. Antena ziwiri ziyenera kuonana. Mafunde a 5 GHz amathamanga koma salimba ndi masamba ndi zipupa, a 2.4 GHz amapirirako, ngakhale m'tauni amadzadzana. Lilongwe alibe mapiri ambiri otchinga, adani ndi mango, bulugama ndi nyumba zosanja. Chenjerani ndi kuyeza m'chilimwe: mtengo woyoyoka mu Seputembala umakhala utaphuka pofika Januwale.

Padenga asakwere munthu ali yekha. Wina agwire makwerero, wokwerayo aponde pamzere wa misomali pomwe pali mitengo pansi, ndipo ayang'ane kaye mawaya a ESCOM asanadzutse mlongoti wachitsulo. Malata onyowa kapena mitambo ikuda, ntchito iime. Potembenuza antena, mnzake pansi aziwerenga mphamvu ya siginolo, imene imayezedwa mu dBm: -60 dBm ndi yabwino kuposa -80, zomwe zimasokoneza ambiri poyamba.

Mvula ya Novembala mpaka Epulo ndiyo imaulula ntchito yachinyengo. Waya azitsika kaye pang'ono n'kukweranso asanalowe m'nyumba, kuti madzi adonthere panja. Akhale waya wopangidwira panja, ndipo mlongoti ulumikizidwe ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka chifukwa cha mphenzi. Malo amene ena onse amadalira akhale ndi batire ndi sola, apo ayi magetsi akathima dera lonse lathima nawo.

Mayeso akhale otere: awiriawiri aike chida pa nyumba yeniyeni, inu manja ali m'thumba. Akatha alembe m'kope dzina la rauta, tsiku, kumene antena yaloza, ndi amene aziimbiridwa foni zikavuta. Opambana ndiwo aphunzitse gulu lotsatira kufinya timitu, inu muzingoyang'anira.