Momwe mungasefere nyimbo zabwino mu zimbale zosakaniza za house

Zimbale zosonkhanitsa nyimbo za oyimba osiyanasiyana zija, kaya ndi za house, trance kapena amapiano, zimandipweteka mtima, chifukwa ine pa nyimbo 40 ndimatsala ndi 8 kapena 10 zovinika, zinazo madeya okhaokha. Chimachititsa ndi ndalama. Kampani yotulutsa chimbale imalipira eni nyimbo iliyonse ndipo zotchuka ndi zodula, ndiye amagula zingapo zoti dzina likope anthu, kotsalako nkudzaza ndi zotchipa. Pena nyimbo ya mphindi 7 amaidula nkukhala 3, pena siyeniyeni nkomwe, yoyimbidwanso ndi anthu ena. Ine ndimasefa ndekha.

Choyamba onani ngati chimbalecho chalembedwa mixed kapena unmixed. Cha mixed ndi chimene DJ analumikiza kale nyimbo zonse, ndiye mukachotsapo imodzi imayamba ndi mchira wa inzake komanso imathera mmalere. Tengani cha unmixed. Pa mawebusayiti ogulitsa nyimbo ngati Beatport, Traxsource kapena Bandcamp mutha kumvera kaye kenako kugula imodziimodzi, bola mukhale ndi khadi yolipirira kunja, ndipo bandulo imapita ndithu, ine ndimadikira ya usiku.

Pomvera musataye nthawi ndi poyambira, nyimbo za house zimatha mphindi yathunthu ili ng'oma yokha kuti DJ apeze polumikizira. Dumphani mpaka pakati pomwe besi imabwerera. Ngati mutu sukugwedezeka pamenepo ichotseni basi.

Tsopano apa ndi pamene ndinagwa nazo. Chinkhoswe cha mchemwali wanga anandipatsa ine ntchito ya nyimbo za achinyamata madzulo, ndinapita kwa mnyamata wina wobena nyimbo mu msika, nkundilonjeza kuti zonse ndi 320kbps (kbps ndi muyezo wa ubwino wa mawu mu fayilo ya MP3, 320 ndiye wapamwamba), ndipo pa laputopu zimalembadi 320. Pa mahedifoni anga otchipa zimamveka bwinobwino. Titalumikiza ku masipika akuluakulu obwereka aja, mayo ine, mawu a pamwamba amangowaza ngati munthu akukazinga chimanga pa phale, besi ngati yatsekeredwa mu ndowa, anthu anayamba kubwerera pa mipando ndipo mchemwali wanga anangondiyang'ana osayankhula kanthu. Zinandiwawa sabata yonse. Kenako ndinadziwa kuti mafayilo aja anali a 128kbps, wina anangowasintha kuti azilemba 320, koma zimene zinatayika poyamba sizibwerera, fayilo imangonenepa chabe. Kukula kwake kumanamiza, 320 imadya pafupifupi 2.4MB pa mphindi ndipo yabodzayo imadyanso chimodzimodzi.

Ndiye chitani izi. Ikani pulogalamu yaulere yotchedwa Spek, kokerani nyimboyo mmenemo, ikuonetsani chithunzi cha mawu onse. Yang'anani kumtunda. Ya 320 yeniyeni mitundu ya pa chithunzipo imakwera mpaka cha pa nambala ya 20kHz ya mmbali mwake, pomwe yochokera ku 128 imaduka mowongoka ngati adula ndi lezala cha pa 16kHz, pamwamba pake mdima. Mukaona choncho musainyengerere ngakhale muikonde bwanji, kaifuneni kwina. Ndimayeza iliyonse, inde iliyonse, chifukwa mu chimbale chimodzi chobenedwa mumatha kupeza zenizeni ndi zabodza zili limodzi. Komanso kunena zoona zobena mu msikazi oyimba sapezapo kalikonse, amene mwamukonda muguleni.

Zotsalazo muzidutsitse mu pulogalamu yotchedwa MP3Gain kuti voliyumu ifanane, nyimbo za zaka za m'ma 1990 zimamveka motsika kusiyana ndi zatsopano ndipo simungamathamangire ku amplifaya nyimbo iliyonse.

Kenako sanjani potengera liwiro, amapiano amayenda cha mma 112 BPM (kugunda kwa ng'oma pa mphindi), house cha mma 120 mpaka 128, trance kupitirira apo, yambani ndi zodekha. Lembani manambala 01, 02 kutsogolo kwa mayina.

Fulashi muifomate mu mtundu wotchedwa FAT32, masipika ambiri ndi mawailesi a mgalimoto amawerenga imeneyo. Za mmbali mwa msewu zolembedwa 64GB pa mtengo wa mandasi zija zisiyeni, zimadya mafayilo, kapena ziyezeni kaye ndi H2testw, pulogalamu yoona kukula kwenikweni kwa fulashi. Kopani, kayeseni pa sipika yomwe mukagwiritseyo dzulo lake, ina yapadera ikhale mthumba.