Musanasayine fomu ya ngongole ya fizi

Makolo ndi ophunzira, yambani mwagogoda ku ofesi yoona za thandizo la ophunzira pakolejipo. Funsani za bazale ndi sikolashipu, ndalama zosabweza, ndipo lembani pakalendala tsiku lotsekera mafomu, poti ambiri zimawaphonya chifukwa chochedwa basi.

Ngati ngongole siyingapeweke, kongolani ya fizi yokha. Zina muzipepuze pogwira ganyu patchuthi, kugawana chipinda ndi mnzanu komanso kugula mabuku kwa omaliza maphunziro.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chiwongoladzanja. Funsitsani ngati chimayamba kuwerengedwa mukadali m'kalasi. Chikakhala 10 peresenti pachaka, n'kumaphatikizidwa kungongoleyo chaka chilichonse, 100 iliyonse yomwe munakongola poyamba imafika 146 pakutha zaka 4, musanalandire ndi malipiro oyamba omwe.